Liwu ndi Lake, Dzina ndi la Bwana

Mbale ya galamafoni, ija yakuda imene ana a masiku ano amangoiwona pa zithunzi, inali ndi kapepala kozungulira pakati pake. Pa kapepalapo pankalembedwa dzina la nyimbo, dzina la woipeka, dzina la oimba, ndipo pamwamba pa zonsezi, m'malembo akuluakulu, dzina la kampani imene idakonza mbaleyo. Ife ogula tinkakhulupirira kapepalako monga momwe munthu amakhulupirira kalata ya ubatizo, osaganizako nkomwe kuti kapepala kangathe kunama. Komatu mbiri ya magulu a atsikana oimba a m'zaka za m'ma 1960 ikutiwuza kuti nthaŵi zina kankanama ndithu, ndipo amene ankalembetsa bodzalo anali mwini kampani. Nkhani yanga ndi ya mphamvu za munthu ameneyu, ndi ya atsikana amene adakhala m'manja mwake.

Tiyambire ku Amereka, m'chaka cha 1962. Atsikana a gulu lotchedwa The Crystals, a ku Brooklyn mu mzinda wa New York, anali pa ulendo wokaimba m'madera ena pamene adamva muulutsi wa pa wailesi akulengeza nyimbo yao yatsopano, yotchedwa He's a Rebel. Adazizwa kwambiri, pakuti panalibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene adaimbako nyimboyo. Chidachitika nchakuti bwana wao, Phil Spector wa kampani ya Philles, mnyamata wa zaka 22 zokha, adamva kuti kampani ina ili pafupi kutulutsa nyimbo yomweyo, imene adapeka Gene Pitney, ndi woimba wake Vikki Carr. Pofuna kuŵapitirira, adathamangira ku Los Angeles, kumalire ena a dzikolo, naitana gulu lina la akazi lotchedwa The Blossoms kuti liijambule msangamsanga. Wotsogolera nyimboyo anali Darlene Wright, mwana wa mbusa, amene adaphunzirira kuimba m'tchalitchi. Adamlipira ngati waganyu, nkhani nkuthera pomwepo. Pa kapepala Spector adalembetsa dzina la The Crystals, popeza ndilo linali litadziŵika kale kwa ogula, ndipo m'mwezi wa Novembala nyimboyo idafika pa nambala 1 m'dziko lonse la Amereka.

Taonani, aŵerengi, kuti pa mlandu umodzi womwewu olakwiridwa anali mbali ziŵiri. A Crystals adayenera kuphunzira nyimboyo kuchokera pa mbale, naimirira pamaso pa anthu usiku ndi usiku kumatsanzira liwu la munthu wina. Darlene naye ankamva liwu lake m'masitolo ndi m'nyumba za anthu, koma popanda womloza chala kuti woimbayo ndi uyu. Bwanayo adabwereza zomwezo pa nyimbo yotsatira, He's Sure the Boy I Love. Ndipo pamene adalola kuti Darlene awonekere pa kapepala, adampatsa dzina lina la kukhosi kwake, lakuti Darlene Love. Liwu linali la mtsikana, koma dzina linali m'thumba mwa bwana.

Kodi zidatheka bwanji kuti munthu mmodzi akhale ndi mphamvu zotere? Ine ndikuwona kuti zidayambira pa msinkhu wa oimbawo. Ambiri mwa iwo anali ana a sukulu, a zaka 15, 16 kapena 17, ochokera m'mabanja osauka a anthu akuda, ozoloŵera kuimba m'kwaya ndi m'makonde a sukulu. A Marvelettes, amene nyimbo yao Please Mr. Postman inali yoyamba ya kampani ya Motown kufika pa nambala 1 mu 1961, anali akadali ku sekondale ku Inkster m'chigawo cha Michigan. Popeza anali ana, makolo ndiwo ankasaina mapepala a pangano, kaŵirikaŵiri popanda loya woŵamasulira mau ovuta a malamulo. Mai amene watha zaka akuchapa ndi kukolopa m'nyumba za eni, ataona munthu wovala bwino akumuuza kuti mwana wake adzamveka pa wailesi, akadayambira pati kufunsa mafunso?

Pepala limenelo ndilo linali chingwe. Linkanena kuti nyimbo zonse zojambulidwa ndi za kampani, ndipo kuti oimba adzalandira kagawo kochepa pa mbale iliyonse yogulidwa, koti agaŵane onse a m'gulu. Koma asanalandire kagawoko, kampani inkayamba yachotsa zimene idawononga pa iwo: kulipira nyumba yojambuliramo, oliza zida, zovala ndi maulendo. Motero gulu linkatha kugulitsa mbale zikwi ndi zikwi, buku la kampani nkumasonyezabe kuti atsikanawo ali ndi ngongole, ndipo wosunga bukulo anali wokongoza yemweyo. Kuwonjezera apo, ndalama zambiri za nyimbo zimapita kwa woipeka ndi kwa kampani yosunga umwini wake, ndipo mabwana ankaonetsetsa kuti akhale pa mipando imeneyo. Berry Gordy wa Motown anali mwini wa Jobete, kampani yosunga umwini wa nyimbo, analinso mwini wa ofesi imene inkayang'anira oimba ndi maulendo ao. Wokulemba ntchito, wokulankhulira ndi wokusungira chikwama anali munthu mmodzi. Ukadandaula, ukadandaula kwa yani?

Tisaganize kuti khalidweli linali la amuna okha. Gulu la The Shirelles, la ku Passaic m'chigawo cha New Jersey, lidatengedwa ndi Florence Greenberg, mai wa mnzao wa ku sukulu, amene adayambitsa kampani ya Scepter. Nyimbo yao Will You Love Me Tomorrow idafika pa nambala 1 kumayambiriro kwa 1961. Atsikanawo ankadziŵa kuti ndalama zao zikusungidwa mpaka adzakwanitse zaka 21, koma atakwanitsa zakazo adapeza kuti chuma chimene ankayembekeza palibe, ndipo nkhaniyo idakathera ku khoti. Mpando wa ubwana ukakhala wopanda woufunsa, umasintha aliyense woukhalira.

Mwa onsewa, amene amandikhudza mtima kwambiri ndi Florence Ballard. Adakulira ku Detroit, m'nyumba za boma za anthu osauka zotchedwa Brewster-Douglass. Mu 1959 adaloŵa m'kagulu kotchedwa The Primettes, naitana mnzake Mary Wilson, ndipo pambuyo pake adabwera Diana Ross. Mu Januwale 1961 adasaina pangano ndi Motown. Gordy adafuna kuti asinthe dzina, ndipo pa maina amene adaŵapatsa, Florence ndiye adasankha lakuti The Supremes. Liwu lake linali lalikulu ndi lamphamvu, ndipo poyamba atsikanawo ankasinthana kutsogolera nyimbo. Koma chakumapeto kwa 1963 Gordy adagamula kuti wotsogolera akhale Diana Ross, poganiza kuti liwu lake lopepuka ndilo lingakope ogula achizungu. Pa za malonda sadaphonye ai. Kuyambira pa Where Did Our Love Go mu 1964, nyimbo zao zisanu zotsatizana zidafika pa nambala 1. Kampani idaŵapatsa mphunzitsi, Maxine Powell, woŵalangiza kayendedwe, kakhalidwe pa mpando ndi kalankhulidwe pamaso pa akuluakulu, ndiponso wina, Cholly Atkins, woŵaphunzitsa kavinidwe. Adavala madiresi onyezimira, nazungulira maiko.

Akulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Florence, amene adayamba nalo gululo, tsopano ankaima kumbuyo kumangopolokoza. Mtima udamuŵaŵa, adayamba kumwa, kujomba pa zoimba zina ndi kukangana ndi Gordy. Zolakwa zake zinalipo, ndipo sitiyenera kuzibisa. Koma onani mmene nkhaniyo idathera. Mu 1967 adamchotsa, naikapo Cindy Birdsong, ndipo gululo lidatchedwa Diana Ross and the Supremes. Nyimbo zidapitirira ngati kuti palibe chachitika. Mu 1968 Florence adasaina pepala lina, lolandira ndalama kamodzi kokha, pafupifupi madola 140,000, nasiya gawo lake lonse la m'tsogolo. Dzina lija adalisankha yekha lidatsala ku kampani, osaloledwa kuligwiritsa ntchito podzigulitsira malonda. Ndalama zambiri zidatayikira m'manja mwa loya wake, mlandu umene adasumira Motown mu 1971 adaluza, nyumba yake idalandidwa, ndipo iye ndi ana ake aakazi atatu adafika pokhalira chithandizo cha boma. Adamwalira ndi matenda a mtima pa 22 Febuluwale 1976, ali ndi zaka 32.

Kwathu kuno dzina amapereka ndi ambuye kapena atsibweni, ndipo likaperekedwa limakhala la mwanayo mpaka kumanda. Wolipereka sabwera tsiku lina kudzalilanda, kapena kuliveka mwana wina. Koma m'malonda a nyimbo dzina la gulu linali katundu wa kampani, monga desiki kapena galimoto. Apa mpamene panagona mphamvu zenizeni za bwana. Mwini dzina sada nkhaŵa kuti woimba achoka, pakuti ogula amafuna dzina, ndipo atsikana a mau okoma ali pa mzere kunja kwa chipata. Woimba amasanduka ngati sipoko ya njinga, yoti ikathyoka amangoikapo ina, ulendo nkumapitirira. Ndipo mtsikana wodziŵa kuti ndi sipoko salimba mtima kufunsa za buku la ndalama.

Pena mphamvuzi zinkafika mpaka m'nyumba. Gulu la The Ronettes linali la pachibale: Veronica Bennett, mkulu wake Estelle, ndi mbale wao Nedra Talley. Mu 1963 adasaina ndi Phil Spector pangano la masamba aŵiri okha, ndipo chaka chomwecho nyimbo yao Be My Baby idamveka dziko lonse. Zonse zimene adalandira kwa kampaniyo sizidafike madola 15,000. Mu 1968 Spector adakwatira Veronica, ndipo malinga ndi zimene mkaziyo adasimba pambuyo pake, adamtsekera m'nyumba yaikulu ku California, ya mpanda ndi agalu olusa, namletsa kuimba pagulu. Mu 1972 adathaŵa wopanda nsapato, mothandizidwa ndi amai ake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nyimbo zao zitayambanso kupanga ndalama m'mafilimu monga Dirty Dancing ya 1987, akazi atatuwo adapita ku khoti. Mu 2000 woŵeruza adaŵapatsa madola 2.6 miliyoni, koma mu 2002 khoti lalikulu la chigawo cha New York lidati masamba aŵiri aja adapatsa kampani umwini wonse wa nyimbozo, nililamula kuti ndalamazo ziŵerengedwenso. Spector adamwalira ali m'ndende mu 2021, atapezeka wolakwa mu 2009 pa mlandu wopha mkazi wina, Lana Clarkson. Mabwana ena sadafike pamenepo, komabe ndi bwino kukumbukira kuti munthu ameneyu adazoloŵera kuyambira ali mnyamata kuti palibe womuuza kuti ai.

Nanga Darlene Love? Idafika nthaŵi imene ankakolopa m'nyumba za anthu olemera ku Beverly Hills. Iye mwini amasimba kuti tsiku lina akutsuka m'bafa adamva pa wailesi nyimbo yake ya Khirisimasi imene adajambula mu 1963, ndipo pomwepo adatsimikiza zobwerera ku ntchito yake. Mu 1997 adapambana mlandu wa ndalama zake, ndipo mu 2011 adalandiridwa m'nyumba ya ulemu ya oimba, Rock and Roll Hall of Fame, m'dzina limene anthu tsopano ankalidziŵa. Mlandu suwola, nzoona, koma zaka za utsikana sizibwerera ndi chigamulo cha khoti.

Wina anganene kuti zonsezi nza ku Amereka, kutali ndi ife. Koma nyimbo za akazi zimene ine ndidakula nazo zinali za ku Joni. Amalume anga, monga amuna ambiri amene adapita ku migodi pa Wenela, adabwerako ndi sutikesi, njinga, ndi mbale zokulunga bwino m'bulangete. Loŵeruka madzulo anthu ankavina simanjemanje pabwalo mpaka mabatire a gumbagumba atafooka. Ine, poti ndinali nditayamba kuŵerenga, ntchito yanga inali yosankha mbale, ndipo maina a pa timapepala ndidaŵaloŵeza: Dark City Sisters, Mahotella Queens, Marula Boom Stars, Soweto Stars, Izintombi Zomgqashiyo. Achemwali anga ankatsutsana mpaka usiku kuti gulu loposa linzake ndi liti. Patapita zaka zambiri ndidaŵerenga kuti, kupatula Dark City Sisters, maina enawo kaŵirikaŵiri anali a akazi amodzimodzi, oimirira pa maikolofoni yomweyo.

Mwini dongosolo limeneli anali Rupert Bopape. Ali ku kampani ya EMI adayambitsa Dark City Sisters, dzina lochokera ku Alexandra, komboni imene inkatchedwa mzinda wamdima chifukwa inalibe magetsi. Mu 1964 adasamukira ku kampani ya Gallo, nakatsogolera nthambi yotchedwa Mavuthela. Kumeneko adasonkhanitsa akazi oimba, ndipo iye ndiye ankasankha kuti lero ajambula ndani, ndi kuti mbaleyo ituluka m'dzina liti. Oimba achikuda a nthaŵi imeneyo kaŵirikaŵiri ankalandira ndalama ya tsiku lojambula, ndipo pansi pa ulamuliro wa tsankho analibe kwenikweni kokadandaula. Pamene akazi oyambawo adachoka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ena adaloŵa m'malo mwao, dzina la Mahotella Queens nkukhala chikhalire. Padatenga zaka zoposa 20 kuti maina a Hilda Tloubatla, Nobesuthu Mbadu ndi Mildred Mangxola adziŵike kunja, pamene adagwirizananso ndi Mahlathini nakaimba ku France mu 1987, ndi ku Wembley mu 1988 pa chikondwerero cha zaka 70 za Nelson Mandela. Detroit ndi Johannesburg ndi kotalikirana, koma nzeru ya bwana inali imodzi.

Chilungamo chifuna kuti tinenenso zabwino za anthu ameneŵa. Berry Gordy adayamba kampani yake mu 1959 ndi ngongole ya madola 800 yochokera kwa abale ake, ndipo adatsekulira atsikana achikuda zitseko zimene tsankho lidatseka. Spector ndi Bopape anali ndi khutu lodziŵa nyimbo yogwira mtima. Adaika ndalama zao pa nyimbo zambiri zimene sizidagulidwe, ndipo popanda iwo mwina mau okomawo akadathera m'makonde a sukulu. Mutu umodzi susenza denga: nyimbo imafuna woipeka, woiimba, woliza zida ndi woigulitsa. Bwana kupindula si tchimo. Chimene chidalakwika nchakuti denga litasenzedwa ndi onse, mmodzi adaloŵa m'nyumbamo natseka chitseko, ena aja nkutsala pa mvula.

Khoti la ku New York lidaŵerenga pepala, ndipo ntchito ya khoti ndi imeneyo. Koma chikumbumtima chimafunsa funso lina, lakuti pamene pepalalo linkasainidwa, cholembera chinali m'manja mwa yani, ndipo anali ndi njira ina yotani? Papa Leo XIII adaliwona funso limeneli kale mu 1891, m'kalata yake yonena za antchito yotchedwa Rerum Novarum. Adaphunzitsa kuti kuvomerezana kwa bwana ndi wantchito pakokha sikusandutsa malipiro kukhala olungama, pakuti munthu amene wavomera zoŵaŵa chifukwa cha kusoŵa kapena mantha ndiye kuti wachita kukakamizidwa. Mtsikana wa zaka 16 wa ku Brewster-Douglass kapena wa ku Alexandra adasainadi, koma kutsogolo kwake kunali khomo limodzi lokha, ndipo kiyi anali ndi bwana.

Mbale zakuda zija zidapita, nyimbo tsopano zimayenda pa foni ndi pa intaneti, ndipo nyumba zojambuliramo zili ponseponse m'matauni mwathu. Komabe mtima wa munthu sudasinthe, ndipo mtsikana wa liwu lokoma akadali chuma chimene ena amachiwona msanga kuposa makolo ake. Tsiku lina munthu wovala bwino adzafika pakhomo panu, kunena kuti wamva mwana wanu akuimba m'kwaya ndipo afuna kumthandiza. Mwina adzakhala munthu wabwino, ndipo muyenera kumlandira mwaulemu. Koma musanasaine chilichonse, funsani kuti dzina la gulu lidzakhala la yani, nyimbo zojambulidwazo mwini wake adzakhala ndani, zowonongedwa adzalipira ndani, ndipo buku la ndalama adzaloledwa kuliwona ndani. Funsaninso kuti mwanayo akafuna kuchoka adzachoka ndi chiyani. Pepalalo lipite kwa munthu wodziŵa malamulo, ndipo ku Malaŵi kuno kuli bungwe la COSOMA, loona za umwini wa nyimbo ndi zolembedwa, kumene munthu angathe kukafunsa nzeru. Safunsa adadya phula. Munthu woona mtima sakwiya ndi mafunso otere, ndipo amene wakwiya nawo wakuyankhani kale.

Ife omvera tilinso ndi gawo lathu. Tidavina nyimbo za akazi ameneŵa pa maukwati ndi pa zikondwerero, tidasangalala ndi thukuta lao, ndipo ambiri a ife sitingatchule ngakhale mmodzi wa iwo. Nchifukwa chake ndaŵatchula maina m'nkhani ino mmodzimmodzi, Darlene, Florence, Veronica, Estelle, Nedra, Hilda, Nobesuthu ndi Mildred. Ndipo nyimbo ina ikadzatikomera maŵa, pa wailesi kapena pa ukwati, tidzafunse kuti akuimbayo ndani, ndi enawo akupolokoza kumbuyo ndi ana a yani.